Musanagule masipika ena, yambani mwakonza pabalaza

Loweruka lina alamu anga anandiitana kwawo ku Chilomoni kuti ndikamve zoimbira zomwe anali atangogula kumene: ampu (chokuzira mawu), masipika awiri ndi sabufa (sipika yotulutsa besi yokha). Ndisanakhale n'komwe pansi, anayamba kudandaula. "Alamu, kusitolo kuja zimamveka bwino zedi, koma kuno zikungoti gu gu gu, woimba osamveka n'komwe. Kapena anandisinthira?" Ndinamwaza maso pabalazapo. Sipika imodzi inali pamwamba pa disipuleyi, pang'ono kugunda siling'i. Inzake inali pansi pakona, kuseri kwa sofa. Sabufa anailowetsa m'kabati ya disipuleyi yomweyo, moti besi ikagunda, makapu ndi mbale za alendo zimalira nawo. Pansi panali matailosi, makoma a pulasitala opanda kanthu, m'mawindo timakatani topyapyala. Palibe chomwe anawasinthira. Vuto linali pabalazapo.

Mukakhala pampando, mawu ofika m'makutu mwanu sachokera ku sipika kokha ayi. Ambiri amayamba agunda khoma, pansi, siling'i kapena galasi la windo, kenako n'kubwerera kwa inu mochedwerako. Mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi, choncho m'chipinda cha mamita anayi amapita ndi kubwerera kambirimbiri inu musanaphethire. Tsono nyumba zathu zambiri n'za njerwa, simenti ndi malata, zinthu zolimba zomwe sizimeza mawu koma kungowabweza. Ine ndimati theka la zomwe mumamva ndi sipika, theka linalo ndi chipinda, ndipo theka lachiwirili mutha kulikonza masana amodzi osatulutsa khobidi.

Konzekerani izi: tepi yoyezera, choko kapena selotepi, kalilole wamng'ono, batire la tochi, ndi munthu mmodzi wokuthandizani. Sankhaninso nyimbo zitatu zomwe mumazidziwa mpaka mumtima: ina ya munthu mmodzi ndi gitala, ina ya kwaya, ndi ina yomwe gitala ya besi imakwera ndi kutsika momveka bwino. Musasinthesinthe nyimbo pakati pa ntchito, mungasokonezeke.

Poyamba, mverani chipinda chenichenicho

Zimitsani zonse, imani pakati pa chipinda, ombani m'manja kamodzi mwamphamvu, kenako tcherani khutu. Ngati mawu angoti phwa n'kutha, muli ndi mwayi. Ngati mukumva kamchira kotsalira, kapena kakulira kachitsulo ngati ka waya wokungidwa, ndiye kuti mawu akuponyeranidwa pakati pa makoma awiri opanda kanthu omwe ayang'anizana. Yendani, ombaninso pamalo ena atatu kapena anayi, ndipo kumbukirani pomwe pakulira kwambiri.

Woyamba kuyeza zimenezi mwadongosolo anali Wallace Clement Sabine, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Harvard ku America. Mu 1895 anamupatsa ntchito yokonza holo yophunzitsiramo ya ku Fogg Art Museum, momwe liwu limodzi linkakhalitsa masekondi oposa asanu lisanazimiririke, moti ophunzira sankamva zomwe mphunzitsi akunena. Iye ndi omuthandiza ankanyamula makushoni a m'mipando kuchokera ku Sanders Theatre usiku kunja kuli zii, n'kumawayala m'holomo, akuyeza ndi wotchi kuti mawu akutha msanga bwanji akawonjezera makushoni. Anapeza kuti kukhalitsa kwa mawu kumadalira kukula kwa chipinda ndi kuchuluka kwa zinthu zomeza mawu zomwe zilimo. Nzeru imeneyi ndi yomwe anamangira holo ya Symphony Hall ku Boston, yomwe inatsegulidwa mu 1900. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa chida chake chachikulu chinali khushoni, chinthu chomwe tonsefe tili nacho pabalaza. Pomvera nyimbo kunyumba, mawu azitha pasanakwane theka la sekondi.

Chachiwiri, onani mawaya

Apa musachedwepo koma musadumphepo. Kuseri kwa ampu ndi kwa sipika iliyonse kuli polumikizira pofiira ndi pakuda. Waya wochokera pofiira apite pofiira, wochokera pakuda apite pakuda, mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza mbali imodzi yokha, sipika ina imakankha mpweya pomwe inzake ikukoka, besi imachepa, ndipo mawu a woimba amamwazika osadziwika komwe akuchokera. Ngati mawaya anafufutika, chotsani waya ku ampu, khudzitsani nsonga zake ziwiri ku batire la 1.5 V kwa kamphindi kochepa chabe, uku mukuyang'ana wufa, mbale yaikulu yozungulira ija ya kutsogolo kwa sipika. Ikatulukira kunja, nsonga yomwe ili kumutu wa batire wokhala ndi chizindikiro cha + ndiyo yofiira. Imangeni kachingwe kuti musadzaiwale.

Chachitatu, ikani mafuwa

Aliyense amene anaphikapo pamoto wa nkhuni amadziwa kuti mafuwa atatu akatalikirana mosiyana, mphika umapendekeka. Sipika yakumanzere, sipika yakumanja ndi mutu wanu ndi mafuwa atatu. Mtunda wochokera pa sipika ina kufika pa inzake ufanane ndi mtunda wochokera pa sipika iliyonse kufika pomwe mumakhala. Nyimbo za sitiriyo, zogawa mawu kumanzere ndi kumanja, luso lomwe Alan Blumlein analembetsa ku Britain mu 1931, amazijambula poganizira kuti womvera akhala chomwechi. Zikakhala bwino, woimba mumamumva ataima pakati pa masipika awiriwo pomwe palibe sipika iliyonse, gitala cha kumanzere, ng'oma cha kumbuyo, ndipo kwaya imatambasuka ngati yaima patsogolo panu m'tchalitchi.

Yezani ndi tepi, osangoyerekeza ndi maso. Khutu la munthu limatsatira mawu omwe ayamba kufika. Sipika imodzi ikakuyandikirani ndi masentimita 30 okha kuposa inzake, mawu ake amafika msanga ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo zimenezo n'zokwanira kukokera woimba yense mbali imeneyo. Ambiri zikatere amathamangira kupotokola batani la balansi, pomwe chofunika n'kungosuntha sipika.

Ngati chipinda chili chotalika mbali imodzi, masipika atsamire khoma lalifupi n'kumaponya mawu m'litali mwa chipinda. Yesetsaninso kuti mbali ziwirizo zifanane: ngati sipika yakumanzere yatalikira khoma la m'mbali ndi masentimita 90, yakumanja iteronso. Ndikudziwa kuti pabalaza pambiri pali khomo la kukhonde mbali ina, la kukhitchini mbali ina, ndipo sizitheka kufananitsa bwinobwino. Chitani zomwe mungathe, koma mafuwa atatu aja okha musawasiye.

Kwa alamu anga pabalaza ndi potalika mamita 5, m'lifupi mamita 3.5. Tinatalikitsa masipika ndi mita 1.6, nkhope zake zitatalikira khoma lakumbuyo kwake ndi theka la mita, ndipo mpando tinauika pa mita 1.9 kuchokera kukhoma lomwelo. Poyesa, tsegulani wailesi pa nthawi ya nkhani, tsinzinani, lozani ndi chala komwe mukumva liwu la woulutsa. Mukatsegula maso chala chikhale chitaloza pakatikati penipeni.

Chachinayi, msinkhu ndi kupendeketsa

Pa sipika pali kasipika kakang'ono kapamwamba, twita, komwe kamatulutsa mawu opyapyala: kulira kwa zingwe za gitala, maseche, ma "s" ndi ma "ts" a woimba. Mawu amenewa amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, pomwe besi imafalikira paliponse ngati utsi. Choncho twita ikhale pamsinkhu wa makutu anu mutakhala pansi, kawirikawiri masentimita 90 mpaka mita imodzi kuchokera pansi. Sipika ya pamwamba pa disipuleyi imaimbira siling'i, ya pansi imaimbira akakolo. Masipika aang'ono akhale pa timatebulo tolimba tosagwedezeka. Mmisiri wa matabwa kapena wowotcherera zitsulo atha kukupangirani, ndipo ngati miyendo yake ili ya mapaipi, thiranimo mchenga wouma kuti isalire. Njerwa zosanjikiza nazonso zimagwira ntchito bwino lomwe. Mukakakamizika kuika pashelefu, kokerani sipika kutsogolo mpaka nkhope yake ifike m'mphepete mwa thabwa.

Kenako itembenuzireni pang'ono m'kati, iliyonse iyang'ane phewa lanu la mbali yake. Mukaitembenuza kwambiri woimba amamveka bwino pakati koma kwaya imapanikizika. Mukaisiya yolunjika kutsogolo nyimbo imatambasuka koma pakati pamachita mbuu. Palibe muyeso umodzi wokomera aliyense. Sunthani pang'onopang'ono, mverani, siyani pomwe pakukomerani.

Onaninso kumbuyo kwa sipika. Zambiri zili ndi bowo lotulutsira mpweya wa besi. Ngati bowolo lili kumbuyo, siyani mpata wa masentimita 20 kapena 30 pakati pa sipika ndi khoma. Dziwani kuti khoma lililonse lomwe sipika yayandikira limawonjezera besi, ndipo pakona, pomwe makoma awiri akumana ndi pansi, ndiye imachita kusefukira. Poyamba zimakoma, koma mukamvetsera mupeza kuti manoti onse a besi akumveka ngati limodzi.

Chachisanu, mpando wanu ndi nkhani ya besi

Apa ndi pomwe anthu ambiri amataya mtima, ndiye tiyeni tifatsepo. Mawu ali ndi mafunde, ndipo mafunde a besi ndi aatali kwambiri. Funde la 1,000 Hz (Hz ndi chiwerengero cha mafunde pa sekondi imodzi) ndi lotalika masentimita 34 okha, koma la 100 Hz ndi mamita 3.4, pafupifupi m'lifupi mwa pabalaza ponse. Funde lotere likagunda khoma n'kubwerera limakumana ndi linzake lomwe likubwera. Pena awiriwo amaphatikizana besi n'kukula kawiri, pena amafafanizana besi n'kusowa. Malo amenewa sasuntha, amakhala pomwepo malinga ndi kukula kwa chipinda.

Mutha kuwerengera nokha noti lomwe chipinda chanu chimalikonda. Tengani 343, gawani ndi kutalika kwa chipinda mutakuchulukitsa kawiri. Chipinda cha mamita 5 chimapereka 34 Hz, cha mamita 3.5 chimapereka 49 Hz, cha mamita 4 chimapereka 43 Hz. Chingwe chachikulu cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz, ndiye mukuona kuti manambalawa ali m'kati mwenimweni mwa nyimbo zomwe timamvera. Chipinda chovuta kwambiri ndi chofanana mbali zonse, monga mamita 4 uku ndi 4 uku, chifukwa m'litali ndi m'lifupi zonse zimakuza noti limodzimodzi.

Izi zikutiuza malo awiri oti muwapewe. Oyamba ndi pakatikati penipeni pa chipinda, pomwe noti lotsikitsitsa lija limafafanizika. Achiwiri ndi kutsamira khoma lakumbuyo, pomwe besi yonse imaunjikana. Tsoka ilo, kumeneko ndi komwe tonse timakankhira sofa. Akatswiri okonza zipinda zojambuliramo nyimbo amakonda kuyambira pa magawo 38 mwa 100 a kutalika kwa chipinda, kuyeza kuchokera kukhoma lakutsogolo, kapena lakumbuyo ngati chipinda chili chachikulu. Ndimo tinapezera mita 1.9 ija kwa alamu. Si lamulo, ndi poyambira chabe.

Yesani nokha kuti mukhulupirire. Ikani nyimbo ya besi ija, yendani pang'onopang'ono kuchokera pamasipika mpaka kukhoma lakumbuyo mutawerama pamsinkhu wa munthu wokhala pansi. Mumva besi ikukula, ikusowa, ikukulanso. Pomwe manoti onse akumveka molingana, lililonse palokha, lembani ndi choko. Pamenepo ndiye pampando.

Sindikunena kuti mukangane ndi a m'nyumba chifukwa cha sofa. Pabalaza ndi pa banja lonse, pamafunika podutsa ndi pokhala alendo. Ngati sofa siingachoke kukhoma, ikokereni kutsogolo ngakhale masentimita 30 kapena 40, ndipo kukhoma kuseri kwa mutu wanu kolekaniko chinthu chochindikala chofewa. Njira ina, yomwe alamu anasankha, ndi kukhala ndi mpando umodzi wopepuka womwe mumaubweretsa pachizindikiro paja mukafuna kumvera mofatsa, mukatha n'kuubwezera.

Chachisanu ndi chimodzi, kalilole

Mawu obwerera omwe amawononga kwambiri ndi aja ogunda kamodzi kokha n'kufika kwa inu, chifukwa amafika pafupifupi limodzi ndi mawu enieni n'kuwasokoneza. Kuwapeza n'kosavuta, popeza mawu opyapyala amabwerera pakhoma monga momwe kuwala kumabwerera pagalasi. Khalani pampando wanu. Wokuthandizani uja agwire kalilole chogonetsa kukhoma la m'mbali, pamsinkhu wa makutu anu, n'kumayenda naye pang'onopang'ono. Mukangoona sipika m'kalilolemo, muuzeni aime alembepo. Khoma lililonse likhala ndi malo awiri, a sipika yakumanzere ndi a yakumanja. Chitaninso chimodzimodzi pansi.

Pansi ndi posavuta: yalani kapeti wochindikala pakati pa inu ndi masipika. Mkeka kapena mphasa zimathandizako pang'ono, koma mukayala bulangete lakale pansi pake zimachita bwino kuposa zokha. Ngati pakati pali tebulo la galasi, lisunthireni pambali pomvera, kapena liyalireni nsalu yochindikala.

M'makoma ndi momwe muyenera kusamala ndi malangizo a m'misewu. Chinthu chofewa chimameza bwino mawu ngati kuchindikala kwake kukuyandikira gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa funde. Pa 1,000 Hz amenewo ndi masentimita 9, pa 100 Hz ndi masentimita 86. Ndiye chitenje chokhomera kukhoma chimakongoletsa, koma besi imangodutsa osachiona. Matileya a mazira, omwe ndimawaona atamatidwa m'tizipinda tambiri tojambuliramo nyimbo, ndi opyapyala kwambiri, sameza besi, satsekereza phokoso kupita kwa aneba, ndipo moto ukabuka amayaka msanga. Musavutike nawo.

Zomwe zimagwira ntchito ndi izi. Makatani olemera, otambalala kuwirikiza kawiri windo kuti akhale ndi mapindo ambiri, atalekana ndi galasi pang'ono. Shelefu yodzaza mabuku osiyana misinkhu, yomwe imameza mawu ena n'kumwaza ena. Sofa ya nsalu osati ya chikopa. Ngati mukufuna kupanga chenicheni, uzani kalipentala akhome felemu ya matabwa ya masentimita 60 m'lifupi, 120 m'litali, 10 kuchindikala. M'kati ikanimo ubweya uja amaika m'denga poteteza kutentha, kunja kutani ndi nsalu yomwe mpweya umadutsa mukaiuzira ndi pakamwa. Apa chitenje chapeza ntchito yake. Pogwira ubweyawo valani magolovesi ndi chotseka pamphuno chifukwa umayabwa. Pokoleka siyani kampata ka masentimita asanu kumbuyo, kamathandiza kumeza mawu otsikirapo. Awiri okha, limodzi mbali iyi lina mbali iyo pamalo a kalilole paja, amasintha zinthu moti mumva nokha.

Koma musapitirire muyeso. Chipinda chokutidwa paliponse ndi zofewa zopyapyala chimapha mawu anthetemya n'kusiya besi ili chiimire, nyimbo n'kumamveka ngati mwafunda bulangete kumutu. Onjezani chimodzi, ombani m'manja, mverani kwaya ija, kenako ganizani ngati pakufunikanso china.

Chachisanu ndi chiwiri, sabufa

Itulutseni m'kabati. Poti besi yotsika kwambiri khutu silidziwa bwino komwe ikuchokera, sabufa itha kukhala pena paliponse pomwe ikumveka bwino, ndipo njira yopezera malowo ndi yokwawa. Nyamulani sabufa muiike pampando wanu womvera uja, tsegulani nyimbo ya besi, inu gwadani n'kumakwawa m'mbali mwa makoma mutu uli pafupi ndi pansi. Pomwe besi ikumveka yosalala, manoti onse ofanana mphamvu, ikani chizindikiro. Bweretsani sabufa pamenepo, inu bwererani pampando, ndipo mumva zomwe munamva muli chogwada.

Ngati kumbuyo kwake kuli batani losankhira pomwe sabufa iyambire, yambani pa 80 Hz. Ngati pali kaswitchi kolembedwa 0 ndi 180, wina azikasintha inu muli pampando, musiye pomwe besi yamveka yodzaza. Voliyumu yake ikwezeni mpaka muyambe kuizindikira payokha, kenako bwezani pang'ono. Sabufa yoikidwa bwino simuimva kuti ili apo, mumangoona ngati masipika aang'ono aja akula.

Zotsalira: zogwedera, aneba ndi makutu

Besi ikamagunda, yendani m'nyumba mukusaka zolira. Magalasi a mawindo ogwedera, chitseko cha kabati, chithunzi cha pakhoma, mbale za m'disipuleyi, lata lomwe msomali wake unakhwepa. Tizidutswa ta labala wa chubu chakale cha njinga timathetsa zambiri mwa izi. Nyumba yopanda siling'i ili ndi vuto lina: malata amalira nawo, mvula ikagwa nyimbo imamira, ndipo mawu amadumpha pamwamba pa khoma kupita zipinda zina. Ngati muli ndi ndalama yoti musankhe pakati pa ampu yatsopano ndi siling'i, ine ndingasankhe siling'i.

Kumeza mawu m'chipinda ndi kutsekereza phokoso kuti lisatuluke ndi ntchito ziwiri zosiyana. Makatani ndi makapeti sathandiza mnzanu wa kuseri kwa khoma m'nyumba za lendi zogundizana. Chomwe chimatchinga phokoso ndi khoma lolemera lopanda mipata. Chomwe mungachite ndi kuchotsa sabufa kukhoma logawana ndi aneba, kuikhazika pa labala wochindikala, kutseka mpata wa pansi pa chitseko, ndi kutsitsa besi usiku. Za makutu anu, bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera pa madesibelo 80 (desibelo ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo voliyumu ikakwera, maolawo amachepa msangamsanga. Ngati mukuchita kukuwa kuti wokhala pafupi nanu akumveni, kapena makutu akulira mukazimitsa, mwakweza kwambiri. Chosangalatsa n'chakuti chipinda chikakonzedwa, mawu amamveka bwino pa voliyumu yotsika, ndipo dzanja silithamangiranso kukweza.

Kwa alamu tinamaliza dzuwa litapendeka. Tinaikanso nyimbo ya munthu mmodzi ndi gitala ija, iwo atakhala pampando wa pachizindikiro. Anakhala chete mpaka nyimbo kutha, kenako anadzuka kukaika khutu pa wailesi ya kanema yomwe ili pakati pa masipika, kuti atsimikize ngati liwulo silikuchokera mmenemo. Inali yozimitsa. Tisanabalalike tinamata selotepi pansi mozungulira miyendo ya timatebulo tonse tiwiri, pa sabufa ndi pa mpando, kuti m'mawa akamakolopa, chilichonse chibwerere pamalo pake.